Kodi Mendulo za Agogo Athu Ndi Zaukatswiri Pankhondo?

FUNSO: Akonzi, agogo anga aamuna anamenya nawo nkhondo ku Burma ali m'gulu la King's African Rifles. Atamwalira tinapeza mendulo zitatu zokulungidwa m'kansalu pansi pa sutikesi yawo, ndipo imodzi ndi yooneka ngati nyenyezi. Amalume amati zonsezo anazilandira chifukwa cha chamuna chimene anaonetsa pomenyana. Kodi tingadziwe bwanji ngati ndi zoona?
Mdzukulu wa msilikali, Benga, Nkhotakota

YANKHO: Tikuthokozeni posunga mendulozo, pakuti zambiri zinatayika m'midzimu eni ake atatisiya. Mendulo za nkhondo zili mitundu iwiri. Zina ankapatsa msilikali aliyense amene anatumikira kudera linalake, pamene zina zinkapita kwa munthu mmodzi amene anachita chinthu choika moyo wake pachiswe, akuluakulu ake nachilemba.

Ya nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodziyo mwina ndi Burma Star, ndipo dzinalo mulipeza litalembedwa kumaso kwake. Imeneyi ndi ya mtundu woyamba, koma musaipeputse, chifukwa ikuchitira umboni kuti agogo anu anafikadi kunkhondo yolimbana ndi asilikali a Japan, m'nkhalango za mvula ndi malungo, kumene anyamata athu anakamenya mu 1944.

Ziwiri zozungulirazo zitembenuzeni. Mukapeza mawu akuti "For Bravery in the Field", imeneyo ndi Military Medal, mendulo yaukatswiri yomwe inayamba mu 1916, ndipo pa mendulo imeneyo amalume anu akunena zoona. Chimodzimodzinso mawu akuti "For Distinguished Conduct in the Field". Mendulo zaukatswiri zotere ankazizokota nambala, udindo ndi dzina la msilikali m'mphepete mwake, pamene Britain inkapereka mendulo wamba za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse popanda dzina.

Kuti muone kulemera kwa mendulo yaukatswiri, kumbukirani Chancy Chitete, msilikali wa dziko lino amene ankasungitsa mtendere pansi pa United Nations kum'mawa kwa Congo. Mu Novembala 2018, pomenyana ndi zigawenga za ADF, anaona msilikali wa ku Tanzania atavulala, namukokera pobisalika zipolopolo zili kuuluka, ndipo iye mwini anaomberedwa akumuthandiza mnzakeyo. Wa ku Tanzania anapulumuka. Mu Meyi 2019 banja la Chitete linalandira ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yotchedwa dzina la msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994. Chitete anali woyamba kuilandira pambuyo pa banja la Diagne mwiniwake.

Musakweche mendulozo ndi mchenga kapena phulusa ngati mukutsuka poto, pakuti mungafufute zolemba za m'mphepete zomwe zili ndi yankho lanu. Zipukuteni ndi kansalu kofewa, muwerenge bwino padzuwa, ndipo mukapeza nambala muilembe papepala n'kuisunga pamodzi ndi chithunzi cha agogowo.