Mipingo ikanapitiriza kumenyera anthu apantchito, bwenzi tili pati?

Achemwali ena a ku Chilomoni anditumizira imelo kufunsa kuti mipingo ikanakhala ndi gulu lamphamvu pa ndale, lomenyera amphawi osati longodzudzula mowa ndi masiketi aafupi, kodi Malawi bwenzi ali pati lero? Funsoli landilasa mtima achemwali, mundipirire ndilankhula zambiri.

Gulu limenelotu tinali nalo. Anthu amaikumbukira kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 ngati yongonena za ufulu wolankhula nthawi ya Kamuzu, koma muli nkhani ya malipiro ochepa, mitengo yomwe alimi ankagulitsira mbewu, ana othithikana m'makalasi, mavuto am'zipatala. Mu Epulo anamanga Chakufwa Chihana, munthu wa mayuniyoni, mu Meyi ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala mpaka Blantyre yense anagwedezeka. PAC (Public Affairs Committee), bungwe lolankhulira zipembedzo pa nkhani za dziko, inabadwa chaka chomwecho, Akatolika, a CCAP, a Anglican, Asilamu pamodzi. Ndipo si zachilendo ayi, m'busa Chilembwe mu 1915 ankalimbana ndi thangata.

Bambo anga ankagwira pa fakitale ina ku Makata ndipo mphakati wathu ku Ndirande unkakumana pakhonde pathu. Akamaliza korona azibambo ankatulutsa mapeyisilipu m'matumba, kuwayala pamkeka nkumawerengera kuti ufa, lendi ndi fizi zikwana bwanji, ine ndikutumidwa madzi akumwa. Kwa iwo pemphero ndi malipiro inali nkhani imodzi. Referendamu ya 1993 inadutsa, chisankho cha 1994 chinadutsa, kenako kunabwera zogulitsa makampani aboma ndi kuchotsa anthu ntchito, tsiku lina bambo anafika masana dzuwa lili pamutu, ovolosi ili mu jumbo, osalankhula ndi munthu. Amphakati anasonkha ufa, Mulungu awadalitse, koma paguwa sindinamve wina akufunsa kuti mafakitalewo akugula ndani ndipo pamtengo wanji.

Apa ndiye ndimapsa mtima. Mphamvu mipingo inali nayo, umboni wake ndi 2002 pomwe inathandiza kutchinga teremu yachitatu ya Muluzi. Ndiye bwanji mphamvu yomweyo sinaoneke pa chimanga chosungidwa chomwe chinagulitsidwa mu 2000 ndi 2001, anthu nkufa ndi njala mu 2002? Makalata analembedwa inde, koma kalata yopanda gulu kumbuyo kwake imathera mu kabati. Mpata umenewo ndi womwe aneneri atenga, kumuuza mayi wogulitsa tomato mu Limbe kuti umphawi wake ndi chiwanda, abzale mbewu ya ndalama, pomwe chikumupha ndi mtengo wa minibasi ndi katapila.

Musandiuzenso za m'busa pampando. A Chakwera anatsogolera Assemblies of God zaka zambiri, anapambana mu 2020, koma munthu mmodzi wa kolala si gulu la anthu apantchito.

Ndiye bwenzi tili pati?

Olemera ayi, fodya ndi ngongole zikanatipanabe. Koma ndikukhulupirira kuti makampani sakanagulitsidwa mwakachetechete, ADMARC sikanafooka popanda phokoso, ndipo phungu aliyense bwenzi akuopa miphakati ndi mayuniyoni kuposa mwini chipani. Mwafunsanso choti muchite, pitani ku CCJP, komiti ya Akatolika yoona za chilungamo ndi mtendere, ya parishi yanu kapena komiti ya kumpingo kwanu, mukafunse kuti mlonda ndi mphunzitsi wa pasukulu ya mpingo amalandira zingati.