Tifunseni: BK, RE ndi khalidwe la ana kusukulu

FUNSO: Ndine Msilamu. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 6 pasukulu ya mpingo, ndipo akuphunzira Bible Knowledge. Kodi sakumutembenuza? Nanga hijabu angavale?
Bambo wa ku Chiputula

YANKHO: Bambo, phunziro la m'kalasi ndi mapemphero a pa asembule n'zosiyana, ngakhale makolo ambiri amaziika m'thumba limodzi. Phunziro lili ndi silabasi yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso ake n'kulembetsa a MANEB. Kupulayimale kuli Bible Knowledge (BK), ya Baibulo lokha, ndi Religious Education (RE), yofotokoza Chikhristu, Chisilamu ndi zipembedzo za makolo. Kusekondale mnzake wa BK ndi Religious and Moral Education. M'chaka cha 2000 boma linafuna kuti ilowe m'malo mwa BK, mipingo inakana, ndiye zonse ziwiri zinatsala. Kuno ku Mzuzu sukulu zochuluka n'za Sinodi ya Livingstonia ndi Akatolika, n'chifukwa chake BK yafala.

Tsegulani kope la mwanayo. Ngati muli manotsi, mayina a anthu ndi malo, mafunso ndi mayankho, akungophunzira. Akamamukakamiza kutsogolera pemphero kapena kuvomereza chikhulupiriro, apo nkhani yasintha, pakuti Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko limateteza ufulu wa chipembedzo. Yambani ndi mphunzitsi wa kalasi, kenako ahedi, kenako komiti ya sukulu. Zikakanika, lembani kalata kwa mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu (a PEA) ku ofesi yawo ya TDC, ndipo ina musunge.

Chenjerani pamayeso a Sitandade 8. Mwana amasankha mafunso a BK kapena a RE. Ena amathamangira RE poona kuti muli za Chisilamu, chikhalirecho sanaiphunzirepo m'kalasi, malikisi n'kutayika. Ayankhe chimene anaphunzitsidwa.

Za hijabu, mu 2021 atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu anasainirana mgwirizano kudzera ku bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee woti atsikana azivala, bola mtundu wake ufanane ndi yunifolomu. Kafunseni mtunduwo musanagule nsalu.

FUNSO: Mnyamata wanga wa Fomu 3 amakhoza BK kuposa phunziro lina lililonse, koma ndalama yanga ya pa geni imasowa, ndipo aphunzitsi amawayankha mwano. Phindu lake n'chiyani?
Mayi wa ku Zolozolo

YANKHO: Mayi, mayeso amayesa zimene mwana wasunga m'mutu, osati zimene amachita inu mukapotoloka. Angathe kulakatula nkhani ya Zakeyu yonse dzanja lili m'chikwama chanu. Vuto limayambira poti phunziroli ambiri amaliphunzitsa mokopetsa manotsi pabolodi mpaka belu, osatsala mphindi zokambirana.

Khalidwe limakula pamene mwana wapatsidwa chosunga ndi choyankhira. Mupatseni ndalama yowerengeka ya makala kapena ndiwo, alembe zimene wagula m'kakope, ndipo Loweruka lililonse muwerengetsere limodzi. Ikaperewera, abweze ndi ntchito. Chikwapu chimangomuphunzitsa kubisa bwino. Kusukulu pemphani mphunzitsi wa Life Skills kapena wa uphungu amuonetsetse, ndipo mufunse kuti amayenda ndi ndani pa buleki. Magulu a Chikhristu a ophunzira monga SCOM ndi YCS amathandiza, koma akapita yekha, osati mochita kukankhidwa. Ndalamayo mufufuzenso kumene ikupita: kubetcha mpira pafoni kwawononga anyamata a msinkhu umenewu.

FUNSO: Ndife a Rasta. Kusukulu akuti mwana amete kaye asanamulembe. N'zoona?
Kholo la ku Luwinga

YANKHO: Ayi. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. Pemphani kuti akukanireni polemba, chikalatacho mupite nacho ku ofesi ya maphunziro ya mzinda uno.