Yankho: Kodi n'zoona kuti anthu ankagona m'masiteshoni apansi ku London?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anthu a ku London ankagona m'ngalande za sitima zapansi. Zinachitikadi. Ndege za Germany zitayamba kuponya mabomba pa 7 Seputembala 1940, boma poyamba silinkafuna, poopa kuti anthu akalowa sadzafunanso kutuluka. Koma anthu ankangogula tikiti n'kutsika ndi mabulangete awo, mpaka boma linagonja n'kuikamo mabedi ndi zimbudzi. Usiku wina m'mwezi womwewo munagona anthu pafupifupi 177,000.

Asilikali nawonso anapezapo mwayi. Ngalande za njanji ina yapansi yotchedwa Central line zomwe zinali zisanathe, pakati pa masiteshoni a Leytonstone ndi Gants Hill, kampani ya Plessey inazisandutsa fakitale yopanga zida za ndege zankhondo.

Koma musaganize kuti pansipo panalibe ngozi. Ku siteshoni ya Balham bomba linaboola msewu wa pamwamba pake mu Okutobala 1940, madzi ndi matope n'kudzaza ngalande, anthu oposa 60 n'kufa. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ku siteshoni ya Bethnal Green pa 3 Malichi 1943. Bomba silinagwe n'komwe, koma anthu 173, ambiri amayi ndi ana, anafa popanikizana pamasitepe mumdima, akuthawira kumene ankati n'kotetezeka.