Mwana wanga akufuna kudzakhala nduna ya chigawo: aphunzire chiyani?

Mayi wina wa ku Katete m'dziko la Zambia walemba kuti mwana wake wamwamuna, amene ali mu Giredi 11, akufuna kudzakhala nduna ya Chigawo cha Kum'mawa kuti adzathane ndi akuba ng'ombe ndi kuwongola ntchito za makhonsolo. Akufunsa kosi imene mwanayo ayenera kudzachita.

Amayi, palibe koleji imene imapereka dipuloma ya unduna. Malinga ndi malamulo oyendetsera dziko monga anakonzedwera mu 2016, Pulezidenti ndiye amasankha nduna ya chigawo pakati pa aphungu a Nyumba ya Malamulo, choncho ambiri amafika pa mpandowo atadutsa kaye m'manja mwa ovota. Wofuna uphungu ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 21, wofuna ukhansala zaka 19, ndipo onsewo amafunika satifiketi ya Giredi 12, imene bungwe la Examinations Council of Zambia limaitsimikizira kuti ndi yeniyeni. Munthu angakhale wokondedwa kuyambira ku Sinda mpaka ku Chadiza, popanda pepalali amabwerera pakhomo.

Pa nkhani ya ng'ombe, mwanayo adziwe kuti nduna ya chigawo silamula apolisi monga mwini munda amalamulira aganyu. Apolisi ali ndi akuluakulu awo, pansi pa unduna wa za m'dziko ndi chitetezo. Ntchito ya nduna ndi kuonetsetsa kuti mfundo za boma zikutsatidwa m'maboma onse a chigawo, ndipo kawirikawiri zimenezi zimatanthauza kukhalitsa pamodzi apolisi, mafumu, ma DC ndi akhonsolo mpaka atamvana chimodzi, kaya nkhani ndi ya matumba a chimanga odutsa pa njinga m'njira zachidule kufupi ndi malire a Mwami, kaya ndi ya khamu lopita ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni mu February. Wopsa mtima msanga sangaithe ntchitoyi.

Kumbali ya makhonsolo, nkhani yaikulu masiku ano ndi ndalama. Thumba la CDF, la ndalama zimene boma limapereka kuti zitukule madera a aphungu, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo mtsogoleri wosadziwa kuwerenga bajeti adzangogwedeza mutu pamene ena akumuuza kuti mjigo wakumbidwa, chikhalirecho amayi akutungabe madzi kudambo.

Ndiye chifukwa chake ndikulangiza kuti asankhe maphunziro amene angamudyetse ngakhale ataluza chisankho, popeza mavoti amabwera zaka zisanu zilizonse ndipo unduna umatha tsiku limene Pulezidenti wafuna. Maphunziro a zamalamulo, a kayendetsedwe ka boma kapena a kawerengedwe ka ndalama ndi oyenera. Angawapeze ku University of Zambia kapena ku National Institute of Public Administration (NIPA) ku Lusaka, pomwe sukulu ya Chalimbana Local Government Training Institute ku Chongwe imaphunzitsa makamaka za makhonsolo. Akadzalembedwa ntchito m'boma kapena ku khonsolo, adzayenera kuisiya asanaimire chisankho, ndipo zimenezi banja limayenera kukambirana nthawi ikadalipo.

Pakali pano alimbikire Chingerezi ndi masamu. Pa holide mupite naye ku msonkhano wa chitukuko wa m'wadi mwanu, akakhale kumbuyo ndi kope, akamve mmene anthu amakanganirana ngati ndalama ziyambe ndi mlatho kapena chipatala cha amayi oyembekezera.