Chipolopolo cha kumapeto kwa Jagten

Mayi wina wandilembera imelo kuti adaonera filimu ya ku Denmark ija, Jagten, ndiye akufunsa: bwanji wina akumuwomberabe Lucas kumapeto, mlandu utatha kale? Mayi, mwanditosa pachilonda.

Kwa amene simunaionere, ndi ya Thomas Vinterberg, idatuluka mu 2012, ndipo Mads Mikkelsen, yemwe adasewera ngati Lucas, adapata nayo mphoto pachikondwerero cha mafilimu ku Cannes. Lucas amagwira ntchito pasukulu ya mkaka. Klara, mwana wa mnzake wapamtima, akunena mawu omveka ngati Lucas adamuchita zachipongwe, akuluakulu n'kuyamba kumuika mawu ena m'kamwa. Mwanayo akuyesa kubweza, sakumumvera. Galu wa Lucas akuphedwa, iye mwini akumenyedwa m'sitolo.

Zanga sizidafike pamenepo. Ndidali msungichuma wa banki m'khonde, ndipo tsiku logawana ndalama zidaperewera. Bokosi linkagona kwanga. Makiyi atatu adali ndi anthu ena atatu, koma zimenezo palibe adazikumbukira. Palibenso adanditchula wakuba pamaso. Kungoti pamaliro adasiya kundipatsa ntchito kukhitchini, ndikafika pampopi nkhani inkaduka, ana anga anzawo adawathawa. Miyezi inayi! Kenako zidapezeka kuti mlembi adaiwala kulemba m'buku ngongole ya munthu wina. Mukuganiza kuti alipo adabwera kudzapepesa? Wapampando adangoti, "Zija zidatha, asisi, tiyeni tione kutsogolo." Mpaka lero foni ikasowa pachinkhoswe, ndimaona maso akudutsira kwa ine.

N'chifukwa chake mafilimu othera pa kukumbatirana, mudzi wonse ukulira mochita manyazi, amandinyansa. Ndi bodza. Mudzi supepesa, umangosintha nkhani. Taonani agogo amene amanamiziridwa ufiti kwathu kuno: lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma gogo akatenthedwera nyumba, ndani amakamumangira ina? Musandimve molakwa, sindikuti mwana akadandaula tizimukayikira ayi. Ndikunena za akuluakulu ofunsa ali nalo kale yankho.

Ndiye funso lanu lija

Patha chaka, Lucas ali kosaka nyama, chipolopolo chikumuphonya pang'ono. Wowomberayo sakuoneka nkhope, dzuwa lili kumbuyo kwake. Ine ndimati Vinterberg adachita dala kubisa nkhopeyo: akhoza kukhala aliyense mwa anthu omwe Lucas amamwa nawo. Ku banki kuja adandipempha kuti ndisungenso bokosi. Ndidakana.