Kodi kuponya bomba la nyukiliya pa anthu wamba ndi mlandu?

FUNSO: Akonzi, tatsutsana kuntchito pa nkhani ya Hiroshima. Anzanga akuti kunkhondo kulibe lamulo. Kodi dziko likaponya bomba la atomiki pa anthu wamba limakhala litapalamula? Nanga bwanji palibe amene anaimbidwa mlandu? Wowerenga wanu, Zomba.

YANKHO: Inde, ndi mlandu, ndipo anzanuwo alakwitsa. Kupha dala anthu wamba pankhondo n'koletsedwa, kaya ndi mfuti, kaya ndi bomba la nyukiliya. Zili m'ndime 8 ya Pangano la Rome la 1998, lomwe linakhazikitsa khothi la ICC, loweruza anthu opalamula milandu ikuluikulu monga ya pankhondo. Pangano la 1977 lowonjezera pa malamulo a nkhondo a Geneva, m'ndime 48 ndi 51, limalamula asilikali kusiyanitsa malo a adani ndi malo a anthu wamba.

Apa ndi pamene bombali limalephera, chifukwa silisankha. Ku Hiroshima, mzinda wa ku Japan, pa 6 Ogasiti 1945 nthawi ya 8:15 m'mawa, bomba lomwe dziko la America linaponya linaphulika mamita pafupifupi 600 m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi matani 15,000 a onga wophulitsira wa TNT. Kutentha kwake kunawotcha khungu la anthu amene anali pamtunda wa makilomita atatu. Chimphepo chake chinagwetsa nyumba. Kenaka panali cheza chapoizoni, chosaoneka ndi maso, chomwe chimawononga mafuta a m'mafupa opanga magazi. Ena amene ankaoneka ngati apulumuka anayamba kuthothoka tsitsi ndi kutuluka magazi m'nkhama patangopita masabata ochepa, ndipo khansa ya m'magazi inadza patatha zaka. Madokotala ndi anamwino ambiri a mumzindawo anafa kapena kuvulala, moti ovulala anasowa wowasamalira. Pofika kumapeto kwa 1945 anthu pafupifupi 140,000 anali atamwalira ku Hiroshima, ndipo ena pafupifupi 70,000 anafa ku Nagasaki, mzinda wina wa ku Japan, kumene bomba lachiwiri linagwa pa 9 Ogasiti.

Oikira kumbuyo dziko la America amati mabombawo anafupikitsa nkhondo, komanso kuti ku Hiroshima kunali likulu la asilikali. Likululo linalikodi. Koma ife tikuona kuti kukhalapo kwa asilikali mumzinda sikupereka chilolezo chopsereza mzinda wonse ndi ana asukulu omwe. Mu 1963, pa mlandu wa Shimoda, womwe ena opulumuka mabombawo anasumira boma la Japan, khothi la ku Tokyo linagamula kuti mabomba awiriwo anaphwanya malamulo amene analipo kale mu 1945, ngakhale kuti odandaulawo sanapatsidwe chipukuta misozi.

Mkangano weniweni wa akatswiri uli pena: bombalo likalunjikitsidwa pa asilikali okhaokha, mwachitsanzo sitima za nkhondo pakati pa nyanja. Pa 8 Julayi 1996 khothi la ICJ ku The Hague, lomwe ndi khothi lalikulu la United Nations, linati kugwiritsa ntchito zida za nyukiliya kawirikawiri kungasemphane ndi malamulo a nkhondo, koma silinathe kugamula za dziko lomwe likudziteteza pamene latsala pang'ono kufafanizidwa. Pa mfundoyi oweruza anagawanika 7 kwa 7, ndipo voti ya wapampando Mohammed Bedjaoui ndi imene inadula nkhani. Ngakhale mpata umenewo sulola kulunjikitsa bomba pa anthu wamba. Khothilo linanena momveka kuti iwowo asaukiridwe.

Tsono bwanji palibe anazengedwa? Khothi lomwe linakhala ku Tokyo nkhondo itatha linakhazikitsidwa ndi opambana, ndipo linaweruza Ajapani okha. ICC imangomva milandu yochitika kuyambira pa 1 Julayi 2002. Mwa mayiko 9 amene ali ndi zidazi, Britain ndi France okha ndiwo mamembala a ICC. Wochokera kudziko lomwe si membala angazengedwe ngati wapalamulira m'dziko lomwe ndi membala, kapena ngati nthambi ya chitetezo ya United Nations yatumiza mlanduwo, koma kumeneko America, Russia ndi China ali ndi mphamvu yokana.

Pangano loletseratu zida za nyukiliya linavomerezedwa ndi mayiko 122 mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 22 Januwale 2021. Malawi analowamo mu 2022. Limagwira ntchito pa mayiko okhawo amene analowamo, ndipo mwa eni zida aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anasaina.