Anna Politkovskaya anali ndani, kuti mwana wanu azimusirira chonchi?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wamkazi akufuna kudzakhala mtolankhani wofufuza nkhani zobisika, ndipo dzina la Anna Politkovskaya silichoka pakamwa pake. Mayiwo akufunsa kuti munthuyu anali ndani, ndipo ngati pali chifukwa chodera nkhawa.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo sindikubisirani kanthu.

Anna anabadwira ku New York mu 1958, makolo ake akugwira ntchito yaukazembe ku United Nations, koma anakulira ku Moscow, likulu la Russia, komwe anaphunziranso utolankhani. Mu 1999 analowa ntchito ku nyuzipepala ya Novaya Gazeta, chaka chomwe nkhondo yachiwiri inabuka ku Chechnya, dera lomwe linkafuna kudzipatula ku Russia. Iye ankapita komweko mobwerezabwereza. Ankakhala pansi ndi amayi omwe ana awo anatengedwa ndi asilikali osabwereranso, n'kulemba dzina la munthuyo, mudzi wake ndi tsiku lomwe anasowa. Kwa ine luso lake linagona pamenepa. Boma likhoza kukana mphekesera mosavuta, koma dzina ndi tsiku zimalisowetsa chonena.

Sankangoonerera ayi. Anathandiza kusamutsa okalamba omwe anatsala m'nyumba yowasungira ku Grozny, likulu la Chechnya, mabomba akugwa. Mu 2002 zigawenga zitagwira anthu mazanamazana m'nyumba ya zisudzo ku Moscow, analowamo kukalankhula nazo, n'kutengera ogwidwawo madzi akumwa.

Anazunzika nazo kwambiri. Mu February 2001 asilikali a Russia anamugwira ku Chechnya, namuchita ngati akumupha kuti amuopseze. Mu September 2004, akupita ku tauni ya Beslan komwe ana asukulu anagwidwa ndi zigawenga, anamwa tiyi m'ndege n'kudwala mwakayakaya. Iye ankakhulupirira kuti anamuthirira poizoni. Chaka chomwecho buku lake la Putin's Russia linatuluka. Pa 7 October 2006 anamuwombera m'chikepe cha nyumba yomwe ankakhala ku Moscow, ali ndi zaka 48. Amuna 5 anawapeza olakwa mu 2014, koma amene anawatuma sanaimepo pakhoti mpaka lero.

Atolankhani ofufuza ambiri safika kumalo ankhondo. Amakhalira kuwerenga zikalata ndi kuimba mafoni omwe sayankhidwa. Ndiye musathamangire kumuletsa mwanayo. Mufunseni chimene chimamukoka mwa Anna. Akakuuzani za kutchuka, khalani naye pansi mukambirane bwinobwino. Akakuuzani za amayi a ku Chechnya aja, mulimbikitseni, ndipo adzafunefune mkonzi amene amafunsa umboni asanasindikize nkhani komanso amadziwa komwe mtolankhani wake wagona usiku uliwonse.